Nyale ya a Moira ndi Mlandu wa mu Juni

Tiyamike ndi Madalo, ana anga, ndinapuma pa ntchito mu 2024, chaka chimene sitima inayamba kufika kuno ku Ellenbrook. Bambo anu mpaka lero amandiseka kuti ndinavutika ndi galimoto zaka zonsezo kupita kuntchito ku Murdoch, sitima itangobwera ine n'kukhala pansi. Popeza tsopano nthawi ndili nayo, ndati ndikulembereni za ntchito yanga. Mumandidziwa kuti pakamwa panga m'polemera, ndipo pali zina zimene munaziona muli ana koma palibe amene anakufotokozerani bwinobwino.

Ku mishoni, ndili mtsikana

Za ubwana wanga sindichulutsa. Makolo anga anamwalira ndisanadziwe nkhope zawo, ndipo anandilera agogo anga aNachisale ku Dedza, mayi wa ntchito zambiri ndi mawu ochepa. Sukulu itandikanika pa Fomu 2, anandigwira dzanja kupita nane kwa a Matroni a pachipatala cha mishoni cha kwathuko. Anawauza kuti, "Mwanayu sadziwa zambiri, koma mbale amatsuka zoyera." A Matroni anandiyang'ana zikhadabo, n'kundilemba ntchito yotsuka zida za ku opareshoni.

Imeneyo ndiyo ntchito imene ndagwira moyo wanga wonse. Tinkakwecha masizasi, timipeni ndi zopanira ndi burashi, kuzikulunga m'nsalu zobiriwira, kenako kuziphika mu mpoto waukulu wa nthunzi. Magetsi akazima, mpotowo tinkauteleka pa mbaula ya makala. Magolovesi ankasowa kwambiri, choncho tinkawachapa, kuwauzira mpweya kuti tione ngati abooka, n'kuwayanika pa chingwe ngati masokosi a ana. A Matroni sankakalipa, koma ankanyamula chida chilichonse n'kuchiyang'ana pawindo. "Esnati," ankatero, "chida chimodzi chakuda ndi maliro amodzi."

Mu Juni ku Dedza kumazizira moti madzi amaluma zala. Tisanayambe ntchito, tonse, anamwino, ochapa, ngakhale a Matroni amene, tinkakhala pa kapinga kuseri kochapira n'kumaothera dzuwa. Kaotheredwe kake aliyense wa kwathu amakadziwa: umalozetsa msana kudzuwa, chitenje n'kufunda mpaka kumutu, maso n'kutsinzina, kufikira kutentha kutalowa m'mafupa. Palibe amene ankaganiza kuti zimenezo zili ndi ntchito ina. Tsiku linkangoyamba choncho.

Bambo anu anabwera kudzakonza mpoto uja utayamba kutaya nthunzi. Anaukonza tsiku lomwelo, koma anapitiriza kubwera kudzauona mwezi wonse, mpaka a Matroni anatopa nawo. "A Lyson, mpotowu uli bwino. Ngati mukufuna Esnati, pitani kwa agogo ake." Pokhala wamasiye wopanda malume, nkhoswe yanga anakhala msuweni wa malemu mayi anga. Iyeyo ndi agogo onse anatisiya iwe Tiyamike ukukwawa.

Perth, zaka zoyamba

Bambo anu atapeza ntchito ya ufitala, yokonza makina, ku fakitale ina ku Kwinana, kufupi ndi Perth, tinawatsatira kutsidya lino la nyanja. Ndinachita kosi ya miyezi ingapo, n'kulembedwa pachipatala chachikulu cha ku Murdoch, ntchito yanga yomwe ija. Chipinda chathu chinali pansi penipeni pa nyumbayo, chopanda windo ngakhale limodzi. Makina ake anali aakulu ngati timanyumba, ndipo tsiku loyamba nditaona magolovesi abwinobwino akutayidwa mu bini, mtima unandipweteka. Kuno zida sizinkasowa. Chimene chinkasowa ndi anthu, moti wina akadwala ntchito ya anthu atatu inkagwera awiri.

Bwana wanga anali a Moira, mayi wamfupi, waphokoso, wochokera kumpoto kwa Scotland. Nditawatchula kuti bwana anaseka mpaka kugwira tebulo. "Bwana wanga ndi mphaka wanga kunyumba. Ine ndine Moira basi." Ndinayesa, koma lilime linakana, ndipo mpaka lero ndi a Moira. Ankadabwa kuti ndimatha tsiku lonse osayankhula, komabe ndimadziwa amene wabwera asanadye, amene wakangana ndi mwamuna wake, amene akufuna kusiya ntchito. Akafuna kudziwa za gulu lawo ankabwera pa sinki panga n'kunong'ona kuti, "Esnati, lero kunja kuli bwanji?" Ankatanthauza nkhope za anzathu.

Ndinali pa shifti ya m'mawa. Titagula nyumba ku Ellenbrook, ulendo unatalika. M'chilimwe zinalibe kanthu, koma kuyambira Meyi ndinkanyamuka kuli mdima, kulowa pansi paja kusanache, ndipo chifukwa cha kuchepa kwa anthu nthawi zambiri ndinkatuluka mochedwa, n'kufika kunyumba dzuwa litalowa kapena mvula ili pakati, pakuti kuno mvula imagwa m'miyezi yozizira.

Chisanu chachinayi ku Ellenbrook

Chinthuchi chinkabwera mwakachetechete. Ndinkayamba kulakalaka buledi ndi tiyi wa shuga wambiri. Kenako tulo tosatha, koma podzuka thupi ngati andithira mchenga m'miyendo. Kwaya ndinkaisiya, foni osayankha. Chilimwe chikayandikira zinkachoka zokha, ine n'kuiwala. Koma chaka chimenecho zinafika poipa. Ndinkabwera ku ntchito n'kugona pa sofa ndi yunifolomu. Iwe Madalo unandibweretsera chithunzi chimene unajambula kusukulu, ndinachiyang'ana, mumtima osamva kalikonse, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse. Ndinaganiza kuti dziko lino landikana, ndipo mayi wotere ndi bwino achoke asanawononge ana. Ndinauza bambo anu kuti ndisiya ntchito, ndibwerera ku Dedza ndekha.

"Ku Dedza kwa ndani?" anandifunsa. "Agogo kulibe. Nyumba inagwa. Mayi a Tiya, ndakulakwirani chiyani?"

Ndinati palibe. Iwo anamva ngati ndikubisa, ndipo anachita zimene mwamuna wolongosoka wa kwathu amachita banja likagwedezeka: anaitana ankhoswe. Popeza enieni anali kutali ndipo wanga anali m'manda, anapempha akuluakulu awiri a ku tchalitchi. Kuchimuna kunaimira a Mwale, bambo wa ku Chipata amene ankachita kafukufuku ku yunivesite ndipo ankakonda milandu ngati mpira. Kuchikazi kunaimira mayi Gondwe, mtsogoleri wa amayi, amene ankasoka madiresi a maukwati onse a Amalawi a muno.

Anabwera Lamulungu masana titaweruka ku mapemphero. Inu tinakutumizani kwa aneba. Mayi Gondwe anakhala pafupi nane n'kuyamba kufunsa mmene amafunsira.

"Amakumenyani?"

"Ayi, amayi."

"Ndalama amabisa?"

"Ayi."

"Nanga pali wina kumbaliku?"

Bambo anu anadumpha pampando. "Winayo ndimupeza nthawi yanji? Ine moyo wanga wonse uli pa msewu wa ku Kwinana!"

"Nkhalani pansi, ba Lyson," anatero a Mwale. "Woimbidwa mulandu sakamba asanapatsidwe mpata."

Atapatsidwa mpatawo, bambo anu anayankhula motsitsa, akupotokola chipewa m'manja. "Ine mkazi wanga ndimamudziwa. Koma chaka chilichonse ikafika Juni ndimakhala ngati ndakwatira munthu wina. Ikafika Okutobala, uja wanga amabwerera. Ndiye ndimaganiza kuti mwina pali chimene ndimalakwitsa nthawi imeneyi chimene sindikuchiona. Andiuze, ndisiye."

Mayi Gondwe ananditengera kukhitchini kukandifunsa za kuchipinda, zimene sizifunsidwa pamaso pa amuna. Kumenekonso sanapeze kanthu. Titabwerera, a Mwale anakanda m'mutu. "Manje iyi nkhani yavuta. Mukazi akamba ati mwamuna sanalakwe, koma afuna kuyenda. Mulandu ulibe mwine wake." Anagamula kuti nkhaniyo sinathe, pasagulidwe tikiti mpaka Ogasiti atatha, ndipo adzabweranso kudzamva mawu anga omaliza. Tinapemphera, iwo n'kumapita. Tonse anayi tinamva mawu a bambo anu onena za Juni ndi Okutobala, koma palibe amene anawatola.

Julayi wa chaka chomwecho

Ndinauza a Moira kuti ayambe kufuna munthu wina wolowa m'malo mwanga. Iwo anavula magolovesi, n'kunditenga pa lifiti kupita panja, pa benchi ina pafupi ndi poimika magalimoto. Kuwala kunandithobwa m'maso ngati munthu wotuluka m'dzenje.

"Esnati, iwe umaona aliyense, koma wekha sudziona," anatero. "Ndakuonera zisanu zinayi. Mvula ikayamba umazima, maluwa akayamba umayaka. Bambo anga ankatero kwathu. Masiku akafupika ankakhala pampando osayankhula mpaka chisanu chithe, ndipo amayi ankaganiza kuti sakuwafunanso. Inenso zinandigwira ndili mtsikana. Ukuganiza kuti ndinabwera kuno kudzatani? Kudzaona nkhosa?"

Ndinati koma kuno dzuwa lilipo lambiri.

"Lilipo, inde. Iwe umaliona liti?"

Anandikakamiza kupita kwa dokotala, ndipo anandiperekeza okha. Dokotalayo anandiyeza magazi, anandifunsa za maso anga, za tulo, ndi ngati ndinaganizapo zodzivulaza. Pomaliza anati ndi matenda odziwika, kukhumudwa kumene kumabwera munthu akamasowa kuwala m'miyezi ya masiku afupi. Anati pali njira zingapo, ndipo tikhoza kuyamba ndi nyale yowala kwambiri yopangidwira zimenezi, n'kubweranso kuti aone ngati pakufunika mankhwala. Anafotokoza kagwiritsidwe kake, ine n'kumangoti inde, inde, monga tinaleredwera pamaso pa dokotala. Koma mutu wanga masiku amenewo sunkasunga kanthu. Chimene ndinatuluka nacho ndi chakuti m'mawa uliwonse, kwa theka la ola, ndizikhala pa nyaleyo ngati pa dzuwa.

A Moira anandibwereka yawo imene anachoka nayo kwawo. Inali yathyathyathya ngati thireyi, kuwala kwake koyera mbee. Bambo anu anaiika pa tebulo lodyera, anaiyatsa, n'kuikapo dzanja. "Hita yanji yosatentha? Mzungu uja akupatsani yakufa." Anafuna kuitsegula kuti aone waya, ndinawaletsa. Ndiye anatenga hita yeniyeni n'kuiika pambali pake kuti zizithandizana.

M'mawa uliwonse ndisananyamuke ndinkachita zimene dokotala anandiuza, mmene ndinkadziwira. Ndinkakoka mpando, kulozetsa msana ku nyale, kufunda chitenje mpaka kumutu, n'kutsinzina. Nthawi zambiri ndinkasinza. Bambo anu ankayenda monyang'ama kuti asandisokoneze pa mankhwala. Sabata zinadutsa, palibe chinasintha. A Moira akafunsa ngati ndikuigwiritsa ntchito ndinkati inde, tsiku lililonse, ndipo sindinkanama. Ndinaona nkhope yawo ikugwa. Ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu. Iwe Tiyamike unaipeza pabedi, n'kundifunsa m'Chingerezi chako chija ngati ndikuchoka chifukwa chakuti inu mumasokosa. Ndinangotseka sutikesiyo.

Ndinauza a Moira kuti adzatenge nyale yawo, yandikanika. Anabwera Loweruka m'mawa. Bambo anu anawatsegulira n'kuwanong'oneza kuti alowe pang'onopang'ono, odwala ali pa nyale. Ine ndinangomva phazi laima pakhomo la chipinda chodyera, kenako phokoso ngati munthu watsamwa. Nditavundukula chitenje ndinapeza a Moira atatsamira khoma, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

"Mwakhala mukutere masiku onsewa?"

"Kwathu dzuwa timaothera choncho, madamu," anatero bambo anu, atakhumudwa pang'ono. "Woyang'anizana ndi dzuwa ndi wamisala."

"Lyson, msana wa mkazi wako ulibe vuto. Kuwalaku kukufunika kulowe m'maso!"

Anandidzutsa, anatembenuza mpando, chitenje anandimangirira m'chiuno. Nyale anaiika chapambali pang'ono, kutalika kwa mkono, n'kundiikira kapu ya tiyi patsogolo. "Usaiyang'anitsitse. Ingotsegula maso, uzimwa tiyi wako, uziwerenga, uzikangana ndi mwamuna wako. M'mawa mokha, madzulo ayi, ingakulande tulo. Ndipo hita iyi ichoke, mudzawotcha nyumba." Akutuluka anayang'ana sutikesi ija, imene tsopano inali m'khonde.

Masiku oyamba mutu unkandiwawa pang'ono. Kenako sindidziwa kuti zinayamba liti. Tsiku lina ndili pa roboti ndinazindikira kuti ndikuimba alito ya nyimbo ya kwaya. Tsiku lina ndinaona kuti mawindo a kukhitchini ada, ndipo zinandinyansa, ine amene kwa miyezi iwiri sindinkaona ngakhale mbale zakuda. Sikuti ndinachira ngati wochotsedwa minga. Mchenga uja unkachepa pang'onopang'ono, ndipo masiku ena unkabwerera.

Ogasiti, posankha

Nditabwerera kwa dokotala anakondwa, koma anati nyale yokha siingalimbane ndi moyo umene ndinkakhala, wolowa pansi kusanache chaka ndi chaka. A Moira anandiitana mu ofesi mwawo n'kundiuza zoona zokhazokha. Iwo ankafuna kundikweza kuti ndikhale wachiwiri wawo pa shifti ya m'mawa. Koma panalinso malo pa shifti ya masana, yoyamba dzuwa litapendeka n'kuweruka anthu atadya kale. Kumeneko ndikanakhala wantchito wamba pakati pa anthu achilendo, pansi pa bwana wina, koma m'mawa wonse ukanakhala wanga, wa nyale ndi kuyenda panja. Kusinthasintha malinga ndi nyengo sikukanatheka chifukwa anthu anali ochepa. "Ndikutaya munthu wanga wabwino," anatero, "koma ndisakunamize kuti ndikudziwa chimene chili chabwino kwa ana ako. Sankha wekha."

Za udindo sizinandivute kwenikweni. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi inu. Ine ndinakula ndikuona anzanga akuweruka kusukulu n'kuthamangira kwa amayi awo, ndipo ndinalumbira ndili wamng'ono kuti ana anga adzadya chamadzulo mayi wawo ali pomwepo. Tsopano ndinafunika kusankha pakati pa mayi amene ali pa sofa madzulo aliwonse koma osamva kanthu, ndi mayi amene kulibe madzulo koma m'mawa ali moyo. Ndinalingalira sabata yathunthu. Bambo anu ndi amene anandimasula. Anati apempha kuti aziyamba molawirira ku Kwinana kuti azikupezani mukaweruka. "Kuphika ndiphunzira. Munthu wokonza mapampu angalephere mpunga?"

Unawakanika, mukukumbukira. Mwezi woyamba munadya mpunga wa phala ndi mazira tsiku lililonse, ndipo Madalo unandiuza m'galimoto kuti adadi amaphika ngati akulanga munthu. Ndinasankha shifti ya masana, ndipo ndinakhala komweko mpaka kupuma. Ndinaphonya chakudya chamadzulo chambiri, masewero ena a kusukulu, ndi kwaya ya pakati pa sabata. Zimenezo zinandiwawa ndipo sindinamizira kuti sizinandiwawe. Koma m'mawa uliwonse tinkadyera limodzi pa tebulo lija nyale ikuyaka, ndikukuluka tsitsi Tiyamike, kenako n'kukuperekezani kusukulu wapansi ngakhale kukuwaza. Nyale ya a Moira ndinabweza nditagula yanga, ndipo imeneyo ndimaitulutsabe Meyi aliyense.

Seputembala, kutseka mlandu

Nkhani ikafika kwa ankhoswe siitha yokha, ngakhale eni ake atayamba kale kusekerana. A Mwale ndi mayi Gondwe anabweranso Lamulungu lina masana. Nthawi imeneyi inu tinakulolani kukhala panja, pamene bambo anu anali atayatsa makala n'kuikapo nkhuku.

Ndinafotokoza zonse, za dokotala, za shifti, ndi za chitenje. Mayi Gondwe anaseka mpaka duku linamasuka, kenako anati, "Koma inenso ndikanakhala choncho. Angayang'anizane ndi dzuwa ndani?" A Mwale anati iwo sangagamule asanaone mboni. Bambo anu anabweretsa nyale, anaiika pakati pa tebulo n'kuiyatsa. A Mwale anaizungulira manja ali kumbuyo, akuphethira.

"Manje namvela," anatero. "Ba Lyson sanalakwe. Amai sanalakwe. Wolakwiridwa ni uyu. Anabwela kuthandiza, imwe munamupatsa musana."

"Ndiye nkhuku alipira ndani?" anafunsa mayi Gondwe.

"Ba Lyson. Anaitana ankhoswe pa nkhani ya dokota."

"Nkhuku ili kale pamoto," anatero bambo anu.

Kuseka kutatha, mayi Gondwe anakonza duku lawo, nkhope n'kukhala ya ntchito. Ananditembenukira n'kufunsa funso limene anabwerera, pakuti liyenera kufunsidwa ndi kuyankhidwa anthu akumva.

"Mayi a Tiya, ife tinasiya nkhani ya ulendo wa ku Dedza ili poyera. Lero tikufuna mawu anu. Mukupita kapena mukukhala?"

Ndinayang'ana bambo anu. Kwa miyezi itatu munthuyu sanandifunsenso funso limenelo ngakhale kamodzi. Anali atagwira m'mphepete mwa mpando ndi manja onse awiri.

"Ndikukhala, amayi," ndinatero. "Pano ndi pakwathu."

Mayi Gondwe analulutira. A Mwale anaomba m'manja n'kunena m'chiyankhulo chawo kuti mulandu wasila, watha basi. Bambo anu anaimirira, anati akaone nkhuku, n'kutuluka msangamsanga. Tinadikira. Tinayamba kumva fungo la kupserera, iwo osabwera. Kenako iwe Tiyamike unalowa ukuthamanga, maso ali tong'o, n'kunena kuti adadi aima kumpanda akulira, ndipo nkhuku yayaka moto.

"Asiye, mwanawe," anatero mayi Gondwe. "Tidya yomweyo."